Maliro a Chidole

Sukulu ya chaka chimenecho tinaitsegula patangopita masiku ochepa chiikireni Tobias m'manda. Mwamuna wanga Curtis anati tidikire kaye, ngakhale mpaka Okutobala, palibe amene angatifunse. Ine ndinati ayi. Mabuku anali atafika kale, ali m'makatoni pakhonde, ndipo ana asanu ndi atatu sangamangokhala m'nyumba opanda chochita. Choncho Lolemba m'mawa ndinachotsa mbale za phala patebulo lodyera, mwana wathu woyamba Keziah n'kupukutapo, ndipo tebulo lomwelo linasanduka kalasi monga mwa zaka zonse.

Tobias akanakhala wachisanu ndi chinayi. Anamwalira ali m'mimba, kutangotsala pang'ono kuti abadwe. Mzamba anabwera kudzandiyeza monga mwa nthawi zonse. Anafunafuna kugunda kwa mtima, anasintha mabatire a kachipangizo kake, anafunanso, kenako anati tipite kuchipatala. Ndinamubereka tsiku lotsatira. Anali ndi tsitsi lakuda lambiri, chibwano ngati cha abambo ake. Tinamuika m'manda a kutchalitchi kwathu, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mpanda wa waya umene umalekanitsa manda ndi munda wa chimanga wa a Kooiman.

Anthu akandifunsa kuti ndikupeza bwanji, ndinkayankha kuti Ambuye akutisunga. Sindinkanama. Ndinkadzuka, ndinkavala, ndinkapesa atsikana tsitsi. Koma m'kati mwangamu munalibe kanthu. Chisoni munalibe, mtendere munalibenso. Zinali ngati mlomo umene dokotala wa mano waubaya jakisoni: ukaukhudza umadziwa kuti ndi wako, koma sukuumva. Thupi lokha ndi limene silinauzidwe kuti mwana kulibe. Mkaka unabwera wambiri, mpaka kunyowetsa malaya. Ndinkaika masamba a kabichi ozizira m'kamisolo monga anandiuzira mzamba, n'kumaphunzitsa masamu ndikununkha kabichi.

Tinkayamba ndi nyimbo ndi pemphero, kenako mavesi oloweza pamtima. Tikatha zimenezi Keziah ankakwera kuchipinda chapamwamba kukawerenga yekha, ndipo anyamata akuluakulu awiri ankathamangira kumunda kukathandiza abambo awo, chifukwa inali nthawi yokolola. Patebulo ndinkatsala ndi ang'onoang'ono. Silas, wa zaka khumi ndi chimodzi, ankadana ndi masamu ogawa, moti ankatha kukhala akusongola pensulo mpaka itatha. Tirzah, wom'pondera Silas, ankamaliza zake zonse msangamsanga n'kuyamba kulamulira anzake. Boaz anali atangodziwa kumene kuwerenga, ndiye ankawerenga mokweza chilichonse chimene waona, kaya ndi katoni ya mkaka, kaya ndi kansalu ka pakhosi pa malaya a mnzake. Junia anali asanafike poyamba sukulu, koma ankaumirira kukhala ndi buku lake, n'kumalembamo mizere yokhotakhota. Levi, wa zaka ziwiri, ankakhala pansi pa tebulo n'kumativula masokosi.

Tikadya chakudya chamasana ana ankatuluka. Kuseri kwa shedi yosungiramo makina kuli mitengo imene agogo ake a Curtis anadzala kuti izitchinga mphepo, ndipo kumeneko ndi kumene ana athu onse akhala akusewerera. Nthawi zina ndinkamva kuimba kuchokera kumeneko. Sindinkalabadira. Ana athu amaimba paliponse, ngakhale kuchimbudzi.

Lachinayi lililonse kumabwera Mayi Hoekstra kudzaphunzitsa ana piyano. Ndi mayi wachikulire wa kutchalitchi kwathu, wamasiye. Tsiku limenelo lole ya chimanga inali itatseka njira, ndiye galimoto yawo anaisiya kutali n'kudzera kumitengo kuja. Analowa m'khitchini akupumira m'mwamba.

"Lorna," anatero asanavule n'komwe jekete, "ukudziwa zimene ana ako akuchita kuseri kwa shediku?"

"Akusewera."

"Akuika maliro."

Ndinali ndikupinda zovala patebulo. Ndinapitiriza kupinda.

"Akumba dzenje, Lorna. Ali ndi kabokosi. Silas wavala tayi. Ndamva ndi makutu angawa akutchula dzina la mwanayo."

"Chabwino."

"Chabwino?"

"Ndamva, Mayi Hoekstra. Zikomo pondiuza. Lero ayambe ndani, Tirzah?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi italengeza m'maso. "Inenso ndinataya wanga, kalekale," anatero. "Ndikanapeza ana anga akuchita zimenezi, ndikanakomoka pomwepo."

"Pepani," ndinatero, chifukwa munthu akanena zotere umayankha choncho. Ndinatsegula chitseko n'kuitana Tirzah.

Sindinaganize zouza Curtis. Si kuti ndinkabisa ayi, nkhaniyo inangodutsa ngati zina zonse. Anaulula ndi Boaz, madzulo tikudya, abambo ake atangokhala pansi fumbi la kumunda lili mbuu m'tsitsi.

"Lero Mayi Hoekstra atipeza tikuika Tobias."

Curtis anaika foloko pansi. "Mukuika ndani?"

"Si Tobias weniweni, Adadi," anafulumira Tirzah. "Ndi chidole cha Junia. Chija cha mkono umodzi."

"Dzina lake ndi Pearl," anatero Junia. "Koma masana amakhala Tobias."

Anyamata akuluakulu aja anaweramira m'mbale zawo. Curtis anayang'ana Keziah.

"Anayamba titangochoka kumaliro," Keziah anayankha motsitsa mawu. "Ndinangowasiya. Akamasewera zimenezo samenyana."

Kenako Curtis anayang'ana ine. Ndinali ndikudulira Levi nyama, ndipo ndinapitiriza kudula.

"Tamverani," anatero Curtis. "Imfa si masewera. M'bale wanu si chidole. Ndisadzamvenso kuti muli kuseri uko panokha mukuchita zimenezi. Mwamva?"

"Tamva, Adadi."

Anadzuka chakudya chili chitsalire, n'kutuluka. Pawindo ndinamuona atalowa mu lole, injini osailiza, mutu atautsamiritsa pachiwongolero. Ndinadziwa kuti akulira. Chichitikireni maliro, ankalirira mmenemo. Ndinavundikira mbale yake n'kuiika mu uvuni kuti isazizire.

Ana anamvera. Masana ankangozungulirazungulira pabwalo, kenako n'kubwerera m'nyumba kudzakangana. Silas anamenya Boaz ndi rula pamutu chifukwa choti amapuma mokweza. Tirzah anang'amba buku la mizere la Junia, akuti mwangozi. Junia anayambiranso kukodza pogona, chinthu chimene anasiya kalekale, ndipo m'mawa uliwonse Keziah ankatsika masitepe atanyamula zofunda zonyowa.

Tsiku lina Keziah anandipeza m'chipinda chochapira. Anaponya zofundazo pansi.

"Amayi, simungawauzeko kanthu anawa? Chilichonse?"

"Ndiwauze chiyani?"

"Kaya. Ndinu mayi ndinu. Ine ndatopa."

Ndinamuyang'ana. Ndinaona kuti waonda, ndiponso kuti m'munsi mwa maso mwada. Ndinaziona monga mmene umaonera kuti mchere watsala pang'ono m'botolo. Ndinamuuza kuti akagone, zochapa ndimaliza ndine. Anaima pang'ono ngati akudikira china, kenako anapita.

Chisanu choyamba chinagwa chakumapeto kwa Okutobala. M'mawa udzu wonse unali woyera, masamba a maungu atafota n'kuda. Tinali pakati pa phunziro la mbewu, nyemba zathu zitamera m'mabotolo pawindo, pamene Boaz anakweza dzanja. Palibe amene amakweza dzanja kunyumba kwathu, koma iye anaziona m'buku n'kuzikonda.

"Amayi, Tobias ali ndi bulangeti?"

"Ali nalo. Lija analuka agogo."

"Limodzi lokha? Lerotu kwazizira."

"Tobias sakumva kuzizira. Thupi lake likugona, iye ali ndi Ambuye."

"Nanga bulangetilo ndi la chiyani?"

"Takhala chete, mbuzi iwe," anatero Silas.

"Silas, m'bale wako si mbuzi. Boaz, jambula muzu wa nyemba yako."

Masana a tsiku lomwelo ndinali pasinki ndikutsuka miphika. Tirzah anabwera n'kuima pambali panga, manja ali kumbuyo, monga amaimira akafuna kutsutsa malikisi amene ndam'patsa.

"Amayi, kodi Adadi ananena kuti chiyani kwenikweni?"

"Za chiyani?"

"Za kuseri kwa shedi. Anati tisamachite patokha. Ndam'funsa Silas, nayenso anamva choncho. Patokha."

"Ukudziwa zimene ankatanthauza."

"Koma inu mumati tizimvera mawu amene anenedwa, osati amene tikuganiza kuti anenedwa. Mumatero tikamalemba zoyankhula inu."

Ndinapitiriza kutsuka mphika.

"Ndiye mukabwera inuyo, sitikhala patokha."

Kukana kunkafuna mphamvu. Pankafunika kufotokoza, kenako iye n'kutsutsa, ine n'kufotokozanso. Kupita kunali kosavuta. Ndinapukuta m'manja, ndinauza Keziah kuti Levi ali mtulo, n'kuvala jekete.

Malowo anali okonzedwa bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Ndowa zakale zinali zitavundikiridwa pamzere ngati mipando. Pakati pa mitengo iwiri anamangapo chingwe chomangira udzu wa ng'ombe. Dzenje linali patsinde pa mtengo wina, ndipo dothi lake linali lofewa ngati ufa chifukwa chokumbidwa ndi kukwiriridwa kambirimbiri. Silas anali atavala tayi yakale ya abambo ake pamwamba pa juzi, m'manja atanyamula buku lokonzera thirakitala. Boaz anali ndi kafosholo, kumutu chipewa cha Curtis chimene chinkamufika m'maso. Junia anakumbatira katoni ya nsapato. M'katimo munali Pearl, atakulungidwa ndi kansalu kanga kopukutira mbale kamene ndinakhala ndikukafuna kwa nthawi yaitali.

"Ine ndikhala ndani?" ndinafunsa.

Tirzah anadabwa. "Mukhala Amayi. Masiku onse ndimakhala ndine, koma lero ndikhala Azakhali Rhonda."

"Ndizitani?"

"Palibe. N'zosavuta zimenezo. Muime apa." Anandikoka n'kundiimika pafupi ndi dzenje. "Manja chonchi." Anatenga manja anga n'kuwasanjikiza pamimba. "Ndiye muziyang'ana kumpanda uko." Analoza chingwe chija. "Osayang'ana bokosi. Munthu akakulankhulani, muzingoti zikomo."

"Osalira?"

"Ayi! Amalira ndi Adadi."

"Ndi ineyo," anatero Boaz, akukankhira chipewa m'mwamba.

Ndinaima mmene anandiimikiramo, n'kuyang'ana chingwe.

Silas anatsokomola kawiri monga amachitira abusa athu, n'kukankha magalasi amene sanavale. Anatsegula buku la thirakitala.

"Abale ndi alongo, tasonkhana pano chifukwa Tobias wamwalira asanachite chilichonse. Sanadye kanthu. Sanaone galu wathu. Sanapange masamu ngakhale amodzi."

"Abusa sananene zimenezo!" anatero Tirzah.

"M'busa ndine. Iwe ndiwe Azakhali, ntchito yako ndi mamina."

"Uzinena zoona."

"Zimenezi ndi zabodza?" Silas anatembenuza tsamba la buku lija. Anapitiriza. "Chifukwa chake sitikuchidziwa. Ine ndafunsa, palibe amene akudziwa. Koma Mulungu akudziwa, ndiye basi. Tiyeni tiimbe."

Anaimba nyimbo imene tinaimba kumanda tsiku lija, ndime zonse, osaphonya liwu. Tirzah ankaimba uku akusisima mokweza, akuminira m'tsamba la mtengo, ndendende mchemwali wake wa Curtis. Ndinamva katoni ikukhudza pansi pa dzenje. Ndinamva dothi likugwera pachivundikiro. Kenako kumbuyo kwanga Boaz anagwada, mawondo ake n'kuphwanya masamba ouma, ndipo anayamba kulira.

Sikunali kulira kwa mwana. Anatsitsa mawu mpaka kukhosi, n'kumatulutsa kubuula kwakuya, kodukaduka, ngati ng'ombe imene yalandidwa mwana. Kubuula kumeneko ndinakuzindikira. Ndinakumva kumbuyo kwanga tsiku la maliro, ndipo sindinatembenuke. Tsiku limenelo ndinkayang'ana chimanga cha a Kooiman, ndikuona kuti masamba am'munsi ayamba kuuma, komanso kuti pawaya pakodwa kapepala ka pulasitiki kamene kankakupiza ndi mphepo. Mpaka lero kapepalako ndimakakumbukira bwino kuposa bokosi.

Tirzah anabwera kutsogolo kwanga n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Pepa, Lorna. Ali m'manja abwino, wamva?"

"Zikomo."

"Mwakhoza," anandinong'oneza.

Anakwirira dzenjelo, Junia n'kuikapo timaluwa touma. Ndinaganiza kuti zatha, ndipo ndinatembenuka kuti ndizipita.

"Simunathe!" anakuwa Junia. "Khalani pansi."

"Tsopano tikudikira," anatero Tirzah, akundilozera ndowa.

"Tikudikira chiyani?"

"Zaka zambirimbiri," anatero Silas.

Tinakhala pandowa, tonse chete. Mphepo inkagwedeza nthambi. Chapatali makina okololera ankamveka akupita, akubwera. Ndowa inali yozizira, ndipo kuzizirako kunkalowa pang'onopang'ono kudzera m'siketi. Sindinaonepo ana anga atakhala chete nthawi yaitali chonchi, ngakhale m'tchalitchi.

"Zakwana?" anafunsa Junia.

"Sizinakwane."

Boaz anakanda bondo. Tsamba linagwera pamutu pa Tirzah, iye osalichotsa.

"Nanga pano?"

Silas anadzuka mwakachetechete, anapita kuseri kwa mtengo n'kutulutsa chidutswa cha paipi. Anachiika pakamwa n'kuuzira ndi mphamvu zake zonse. Chinalira moipa, mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo.

"Lipenga!" anakuwa Boaz.

Onse analumphira padzenje, kufukula ndi manja, dothi likuuluka. "Wauka! Wauka!" Junia anatsegula katoni, anachotsa kansalu kaja, ndipo asanaganize n'komwe anathamangira kwa ine n'kundiika chidolecho m'manja.

"Tsopano musangalale."

"Apa ndiye mumaseka," anafotokoza Tirzah. "Mumam'psompsona, ndiye mumati, 'Unali kuti?'"

Chidolecho chinali chozizira. M'diso limodzi munalowa dothi. Chinali chopepuka kwambiri, pomwe Tobias anali wolemera, wolemera kuposa mmene Levi analili pobadwa. Ndinaona manja anga atayamba okha kuchigwedeza uku ndi uku. Sindinawauze kuti atero.

"Unali kuti?" ndinatero.

Mawuwo anatuluka ngati ndikuwerenga funso la m'buku la masamu. Ndinakweza milomo kuti ndimwetulire. Ana anayi anali ataima mondizungulira, manja ali dothi lokhalokha, akundiyang'anitsitsa.

"Choyamba chija mwachita bwino," anatero Tirzah pamapeto pake. "Ichi simunachidziwe."

"Pepa."

"Palibe kanthu. Inenso poyamba chinkandivuta."

"Tsopano mabanzi!" anatero Boaz.

Pachitsa panali masamba akuluakulu opindidwa pakati, m'kati muli khungwa la mtengo. Amenewo anali mabanzi a nyama ya nkhumba amene amayi a kutchalitchi amagawa maliro akatha. Silas anapempherera chakudya, tayi ataiponyera paphewa kuti isade. Anandipatsa banzi limodzi. Ndinaliyandikitsa pakamwa n'kumatafuna mphepo monga ankachitira iwo, chidole chili m'khwapa.

Ndinabwerera nacho kunyumba osazindikira. Junia sanachiitanitse. Ndinatsegula madzi ofunda pasinki n'kuyamba kuchitsuka, ndikuchotsa dothi m'diso ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ndili mkati motero chitseko chinatseguka, Curtis n'kulowa dzuwa likadali m'mwamba. Lamba wa makina anali ataduka, ndiye anabwera kudzaimba foni kuti am'pezere wina. Anaima pakhomo, akuyang'ana chimene chinali m'manja mwanga.

"Ndinapita kuseri kwa shedi," ndinatero. "Ndi ana."

"Ndinawaletsatu."

"Unati asamachite paokha. Tirzah wati ine ndikakhalapo sali paokha."

Anatulutsa mpweya m'mphuno, pang'ono kuseka. "Mwana ameneyu adzatimangitsa tonse." Anakhala pabenchi la pakhomo, nsapato zakumunda osavula. Patapita kanthawi anafunsa, "Ine amakhala ndani?"

"Boaz."

"Amatani?"

"Amagwada. Chipewa amachigwira m'manja. Amakutha ndithu, ngakhale mawu."

Curtis anaphimba nkhope ndi manja ake akuda ndi girisi. Mapewa ake anagwedezeka, kaya kunali kuseka kaya kulira, mwina zonse. Ine ndinatsukuluza tsitsi la chidole.

"Nanga iwe?" anafunsa.

"Ine ndinakhala ine. Ndimangoima."

"Lorna, tsiku lija ndinakuitana. Kumanda kuja. Unandimva?"

"Ndinamva."

"Ndiye?"

"Sindikudziwa. Ndinamva, koma khosi silinatembenuke."

"Ndimachita mantha," anatero. "Ndikakuyang'ana umakhala ngati unapita naye limodzi."

Ndinafunafuna m'kati mwanga choti ndimuyankhe, chinachake chomutonthoza. Ndinapeza zoona zokhazokha, ndipo zinali zochepa.

"Ndili pompano," ndinatero. "Ndikutsuka chidole."

Anadzuka, anasamba m'manja ndi sopo mpaka girisi itachoka, kenako anatenga thaulo n'kundilanda chidolecho. Anachipukuta mosamala, m'khosi, kuseri kwa makutu, pakati pa tizala ta mkono umodzi uja, monga amapukutira ana athu onse akakhala akhanda. Atamaliza anachikhazika pawindo pakati pa mabotolo a nyemba kuti chiume, n'kupita kukaimba foni yake. Za kuletsa zija sanazitchulenso.

Masewerawo anapitirira. Ndinapitako maulendo angapo, nthawi zonse ndikukhala Amayi, ndipo mbali yachiwiri ija sindinaikhoze. Tirzah anasiya kundikonza. Tsiku lina ndili chiimire ndikuyang'ana chingwe, ndinaona Curtis ataima pakona pa shedi, sipanala ili m'manja. Anaonerera mpaka lipenga litalira, kenako anabwerera kuntchito. Junia anasiya kukodza pogona. Keziah ndinam'chotsera ntchito yochapa n'kuipereka kwa anyamata akuluakulu, kukolola kutatha, ndipo kwa milungu ingapo tonse tinkavala zoyera zosanduka zotuwa.

Mu Novembala nthaka inauma gwa ndi chisanu, kafosholo ka Boaz sikanathenso kulowa. Ana anayesa tsiku limodzi kuchitira m'shedi, katoni n'kuikwirira ndi udzu, koma Silas anati sizikukoma. Posakhalitsa anayamba kukonzekera sewero la Khirisimasi la kutchalitchi, ndipo Pearl anapeza ntchito ina, yogona modyera ng'ombe. Palibe ananena kuti masewera a maliro atha. Anangosiya.

Ine ndinapitiriza monga kale. Khirisimasi inabwera, ndinaphika, ndinakulunga mphatso, ndinaimba. Abusa anabwera kudzatichezera n'kundiuza kuti aliyense amalira mwa njira yake, ine n'kuvomera. Mayi Hoekstra ankabwerabe Lachinayi, ndipo akamachoka ankandifinya dzanja.

Mu Januwale kunazizira kwambiri moti madzi a ziweto ankaundana tisanabwerere n'komwe m'nyumba. M'mawa wina ndinapita kuchipinda chapamwamba kukachonga ntchito ya Keziah, ang'onoang'ono nditawasiya patebulo akulemba. Ndili komweko ndinamva phokoso, mpando kugwa, Junia kukuwa, ndi kulira kumene sikunali kwa munthu. Ndinatsika.

Patebulo panali nkhuku. Thadzi lofiira, lalikulu, litaima pakati penipeni pa buku la mapu limene tinagula chaka chomwecho, mapiko ali tambalale. Jagi ya mkaka inali itagubuduka, mkaka ukuyenderera m'makope onse n'kumadonthera pamutu pa Levi pansi pa tebulo. Silas ankaiwinda nkhukuyo ndi juzi yake. Boaz anali ataima pampando, nthenga zili m'tsitsi. Ndikuyang'ana choncho, nkhukuyo inanyera pabukupo, kenako inapondapo.

China chake chotentha chinanyamuka m'mimba mwanga, chinakwera pachifuwa, n'kufika kumaso. Ndinamenya tebulo ndi chikhatho mwamphamvu moti mapensulo anadumpha.

"Ndani walowetsa nkhuku m'nyumba mwanga?"

Mawu anga anamveka nyumba yonse. Nkhuku inaulukira pa piyano. Levi anayamba kulira.

"Imanjenjemera, Amayi," anatero Boaz ndi mawu aang'ono. "Timafuna ingowotha pang'ono."

"Ingowotha! Patebulo? Pabuku latsopano? M'mitu mwanumo muli chiyani, utuchi? Silas, mkulu ndiwe pano, umayang'ana chiyani? Igwire nkhukuyo, ituluke, ndipo ukabwera utenge ndowa ndi chikolopa. Boaz, tsika pampandopo! Tirzah, ukuseka chiyani?"

"Sindikuseka."

Koma ankaseka, milomo ataiumiriza pamodzi. Junia anali atasuzumira kuseri kwa Tirzah, maso ali tong'o.

"Amayi akwiya," ananong'ona, ngati akuuza anzake kuti kunja kwabwera mphalapala.

Pamasitepe panali Keziah, dzanja lili pakamwa, akuyang'ana ine, osati nkhuku.

"Nawenso usangoima pamenepo, tenga mwanayo um'sambitse!"

Ndinali nditakwiyadi. Ndinawakolopetsa pansi kawiri, makope onyowa ndinawayanika pafupi ndi mbaula, ndipo Silas ndi Boaz ndinawalamula kuti ayeretse khola la nkhuku mlungu wonse, kuzizire kusazizire. Buku la mapu silinatheke, masamba awiri tinachita kuwadula. Titakhalanso pansi kuti tipitirize masamu, nkhope yanga inali ikadali yotentha. Silas anagawa masamu ake onse osasongola pensulo ngakhale kamodzi. Chikhatho chinandiwawa mpaka madzulo.